Tifunseni za Malamulo: Kodi Ndingamangidwe Ponena Kuti Asilikali Abwerere Kwathu?

Funso: Ndine mayi wa ku Lizulu, ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pamsika. Mwana wanga wachiwiri ndi msilikali ndipo anatumizidwako ku DRC. Titamva kuti anzake atatu afa kumeneko, ndinalemba pa gulu la WhatsApp la kwathu kuti boma libweze ana athu, nkhondoyi si yathu. Abambo ena aulemu wawo anandiimbira foni kuti ndifufute msanga, ati nthawi ya nkhondo munthu sadzudzula boma, ndimangidwa. Ndinafufuta, koma mtima wanga sunakhazikike mpaka lero. Kodi lamulo limaterodi?

Yankho: Mayi, simunalakwe. Abambowo ayenera kuti amakuderani nkhawa, koma lamulo silinena zimene anakuuzanizo.

Malawi sanali pa nkhondo. Asilikali athu anapita ku DRC kukathandiza kukhazikitsa bata, ena pansi pa United Nations kuyambira 2013, ena pansi pa SADC. Atatu mukunenawo anafa mu Januwale 2025 pa kulimbana ndi gulu la zigawenga la M23 chakufupi ndi mzinda wa Goma, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analamula kuti asilikaliwo ayambe kukonzekera zobwerera. Zimene munalemba inu ndi zomwe boma linadzalamula lokha. Pa nthawi ngati imeneyo chimagwira ntchito ndi gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, lomwe limapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula zakukhosi. Gawo 44 limati malire alionse pa ufulu umenewu akhale olembedwa m'lamulo, akhale oyenera, komanso ofunikadi m'dziko la demokalase.

Nanga nkhondo itafika pakhomo? Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti mfuti ikangolira pakamwa pa aliyense patsekedwa. Gawo 45 limalola boma kuchepetsa ufulu wolankhula, wosonkhana ndi woyenda, koma anaikapo zotchinga zambiri. Pulezidenti ayenera kulengeza poyera kuti dziko lili pa chiopsezo, komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo itavomereza, ndipo atchule dera lomwe muli vutolo. Chilengezocho chimatha pakadutsa masiku 21 pokhapokha aphungu awiri mwa atatu alionse avomereze kuwonjezera, ndipo sangawonjezere kuposa miyezi itatu nthawi imodzi. Munthu ali ndi ufulu wokachitsutsa ku Khoti Lalikulu. Chachikulu pa zonse n'chakuti pa nkhondo, ufulu uchepetsedwe pokhapo pamene palibe njira ina yotetezera miyoyo ya asilikali oteteza dziko ndi ya anthu wamba, komanso malo a asilikali. Mayi wolira kuti mwana wake abwere saika moyo wa msilikali aliyense pangozi. (Musasokoneze izi ndi chilengezo cha ngozi zogwa mwadzidzidzi, monga cha namondwe Freddy mu 2023. Chimenecho n'cha lamulo lina, ndipo sichikhudza pakamwa panu.)

Malire enieni alipo, ndipo ndikukupemphani muwasunge chifukwa akuteteza mwana wanu yemweyo. Akakutumizirani chithunzi cha kampu yawo, kapena akakuuzani tsiku lomwe akusamuka, njira yomwe adutse ndi zida zomwe ali nazo, zimenezo zithere m'foni mwanu. Uthenga wa pa WhatsApp umayenda kutali kuposa momwe wolemba amafunira, ndipo adani nawo amawerenga. Iyeyo ali pansi pa malamulo a usilikali, omwe ndi okhwima kuposa athu anthu wamba, choncho chithunzi chimodzi chikhoza kumuika m'mavuto kuntchito. Musafalitsenso mphekesera zoti auje afa akuluakulu a asilikali asanauze abale awo. Malire ena ndi kumema anthu kuti aphe anzawo. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ya RTLM inkatchula maina ndi malo obisala a Atutsi, ndipo mu 2003 khoti la United Nations linapeza mmodzi mwa oiyambitsa, Ferdinand Nahimana, wolakwa. Palibe ufulu woteteza mawu otero.

Mantha a abambowo ndimawamvetsa, chifukwa kuno kwathu ali ndi chiyambi. Mu Novembala 1914, magazi atakhetsedwa kale ku Karonga, John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Ankafunsa chifukwa chomwe amphawi a kuno ayenera kufera nkhondo ya azungu n'kusiya amasiye, mmalo moti olemera, eni masitolo ndi eni minda apite okha. Boma la atsamunda linaitsekereza kalatayo. Sipanathe miyezi itatu, pa 23 Januwale 1915, anthu ake ananyamula zida, ndipo kuno ku Ntcheu Filipo Chinyama anasonkhanitsa ake kuti athandizane naye. Onse awiri anaphedwa. Ine ndimaona kuti kalata ija inali funso loyenera kuyankhidwa, ndipo kuitseka sikunapulumutse munthu ndi mmodzi yemwe.

Ndiye panabwera zaka za chipani chimodzi. Inu a ku Lizulu mukudziwa bwino, poti msewu wa M1 ndiwo malire athu ndi Mozambique: nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula kumeneko m'zaka za m'ma 1980, othawa kwawo anadzaza Ntcheu ndi Dedza, dziko lonse n'kusunga anthu oposa miliyoni imodzi. Asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala, ena osabwerako, koma makolo awo ankalira chamumtima. Amene anakula nthawi imeneyo anaphunzira kuti za asilikali sakamba pagulu, ndipo phunzirolo silinawachokebe. Malamulo ndiwo anasintha. Ngakhale mlandu wakale wa kuukira boma ndi mawu, umene unkamangitsa anthu chifukwa chodzudzula atsogoleri, aphungu anauchotsa mu 2022.

Si ife tokha tinadutsamo. Ku America, Eugene Debs anagamulidwa zaka 10 mu 1918 chifukwa cholankhula zotsutsa nkhondo pamsonkhano. Ku Russia, lamulo la mu Malichi 2022 limalola kumanga munthu mpaka zaka 15 ngati boma lati wanena zabodza za asilikali. Gawo 45 lathu linalembedwa ndi anthu omwe anali atangotuluka m'zaka 30 za kutsekedwa pakamwa, n'chifukwa chake analimanga molimba chonchi.

Sindikukulonjezani kuti wapolisi sangakuvutitseni. Anthu akhala akutengedwa chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi WhatsApp, kawirikawiri pogwiritsa ntchito lamulo la 2016 la za pa intaneti. Zikakuchitikirani, funsani mlandu womwe akukumangirani, musasaine chikalata chomwe simunachimve, ndipo dziwani kuti gawo 42 limati akufikitseni kukhoti pasanathe maola 48. Ngati mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau anakhazikitsidwira anthu ngati inu. Mukafunanso kulankhula za ana athu otumizidwa kunja, lembani, ndipo uthenga womwewo mukaufikitsenso kwa phungu wa dera lanu, poti ndiye amavomereza ndalama zomwe asilikali amagwiritsa ntchito.