Inki ya zithunzi: zimene ndimafunsa ndisanakwere basi ya ku Joni

Achemwali, mwafunsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: mmene geni yathu yobweretsa inki kuchokera kunja imayendera, komanso ngati pa situdiyo imene mukufuna kutsegula ku Matawale mugule makina a inki ya dye kapena ya pigment. Kwa ine mafunso awiriwa ndi limodzi, chifukwa pa geni imeneyi ulendo si umene umavuta kwenikweni. Chovuta ndi kudziwa botolo loyenera kubwera nalo. Mukalakwitsa, mpamba wonse umagona pa shelefu mpaka deti yake kutha.

Ndiyambe ndi inkiyo. Dye ili ngati tiyi: utoto wake unasungunukiratu m'madzi, ndipo ikagwa papepala imalowerera m'kati. Pigment ili ngati thobwa: ndi tizidutswa tolimba ting'onoting'ono kwambiri toyandama m'madzi, ndipo botolo likakhalitsa timadikha pansi, n'chifukwa chake limafuna kukhutchumula musanathire. Ikagwa papepala madzi amauma, tizidutswato n'kutsala pamwamba titamatirira. Kusiyana konse kumachokera pamenepa.

Popeza dye imalowa m'pepala, pa pepala lonyezimira lija la glossy chithunzi chimatuluka chowala, chosalala, mitundu yake yolowa m'maso. Diresi la mkwatibwi, chitenje cha pa chinkhoswe, gauni ya womaliza maphunziro, zonse zimakongola. Ndi yotsika mtengo, ndipo sitseka kawirikawiri hedi ya pulinta, kachipangizo kamene kamapopera inki papepala. Adani ake ndi dzuwa, mpweya ndi madzi. Imasuluka ngati chitenje chimene chimayanikidwa panja tsiku ndi tsiku, ndipo pa pepala wamba dontho limodzi la mvula limaichuchitsa. Pigment imapirira zonsezi. Pa pepala losanyezimira, makamaka lija lokhuthala lopangidwa ndi thonje, imapereka kuda kozama ndipo imakhala zaka zambirimbiri osasintha. Koma pa glossy nthawi zina mukapendeka chithunzi mumaona malo ena akunyezimira mosiyana ndi anzake, kapena akuoneka ngati mkuwa. Ndi yodula, makina ake ndi odula, ndipo ikakhala masabata osagwira ntchito imauma m'timabowo ta hedi.

Ndiye funso langa loyamba kwa kasitomala aliyense limakhala lakuti: chithunzichi chikakhala kuti? Kuno ku Zomba ndalama ya tsiku ndi tsiku ili pa zithunzi za ziphaso, za maukwati, za ana asukulu, za asilikali a ku Cobbe Barracks, ndi nthawi imene Yunivesite ya Malawi, imene ife tinazolowera kungoti Chanco, ikupereka madigiri. Masiku amenewo makolo amafuna chithunzi pompopompo, chowala, pa mtengo woti athe kugula zitatu. Imeneyo ndi ntchito ya dye, ndipo zambiri mwa zithunzizo zimakalowa mu alubamu kapena m'feremu ya galasi, mmene dye yabwino imakhalitsa ndithu. Makina amene anzathu ambiri akudyerapo ndi a Epson a matanki a mitundu 6, monga L805 wa A4 ndi L1800 amene amafika A3+. Onsewa amamwa inki nambala 673, botolo la 70 ml. Amene analowa m'malo mwawo, L8050 ndi L18050, amamwa 108 akagulidwa ku South Africa, kapena 057 akachokera ku Asia. Mitundu iwiri yowonjezera pa inayi ya mapulinta wamba, light cyan ndi light magenta, ndi imene imachititsa kuti khungu la munthu ndi thambo zituluke zosalala, zopanda timadonthomadontho.

Pigment ndi ya munthu wina. Ndi ya wojambula amene wapenta phiri lathuli ndipo akufuna kugulitsa makope ake kwa alendo okwera ku Ku Chawe, kapena amene wajambula mathithi a Williams, damu la Mulunguzi, Chingwe's Hole m'nkhungu, ndipo akufuna kulembapo dzina lake. Amene wagula chithunzi chotero akachipachika pakhoma kwa zaka, ndipo chikasuluka dzina la wojambula ndi limene lasuluka. Makina ake ndi monga Epson SureColor P700 kapena Canon imagePROGRAF PRO-300, onse a inki 10. Mnzake wa Canon wotchedwa PRO-200 ndi wa dye, inki 8, ndiye musasokonezeke poona kuti mayina akufanana. Makina oterewa sindiwasunga m'sitolo, ngakhale inki yake. Ndimabweretsa pa oda yokha, munthu atapereka kaye gawo la ndalama.

Pali china chimene ambiri sachidziwa. Mapulinta ena amanyamula inki zonse ziwiri, dye ndi pigment. Canon G3411 ndi abale ake amamwa GI-490: yakuda ndi pigment kuti zilembo zituluke zakuthwa, pamene mitundu ina itatu ndi dye. Ndi abwino pa makalata ndi timabuku ta mwambo wa ukwati, koma si makina a zithunzi zogulitsa. Palinso inki ya sublimation ya pa makapu ndi malaya, imene imafuna kutenthedwa. Imeneyo ndi nkhani ina, isalowe m'makina anu a zithunzi.

Anthu ena adzakuuzani kuti mugule makina a dye otsika mtengo n'kuthiramo pigment ya m'mabotolo opanda dzina. Ndaonapo zikuyenda, ndaonaponso hedi itafa pa mwezi umodzi. Makinawo anakonzedwa kuti aziwerengera mitundu ya inki yake, choncho mukasintha nkhope zimatuluka zotuwa kapena zobiriwira, ndipo waranti yatha pomwepo. Kusakaniza ziwirizi m'thanki imodzi ndiye musayese n'komwe.

Tsopano za ulendo. Ndimatsika ku Blantyre pa msewu wa M3, kukwera basi pa Wenela, kutulukira pa Mwanza, kudutsa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka Park Station ku Johannesburg. Ndi masiku awiri, nthawi zina kupitirira ngati pa boda pali mzere. Anzanga ena amalowera kumpoto, pa Songwe, kukapikula ku Kariakoo ku Dar es Salaam. Musananyamuke lembani nambala ya inki ya kasitomala aliyense, osati dzina la pulinta lokha. Epson L3110 wogulidwa ku South Africa amalemba 103 pa thanki, pamene yemweyo wochokera ku Asia amalemba 003. Ine ndimawauza ajambule chikwangwani cha pa thankipo anditumizire pa WhatsApp.

Pogula yang'anani deti, chidindo cha pa bokosi ndi kapulasitiki kotsekera botolo. Tengani risiti yeniyeni yolembedwa zonse, chifukwa pa Mwanza a MRA amawerengera msonkho kuchokera pa mtengo wa katunduyo, ndipo wopanda risiti amamuyerekezera okha. Mabotolo aime chilili, lililonse m'jumbo yakeyake, pakati pa katoni, kutali ndi mbali ya injini, pakuti kutentha kwa ku Tete mumakudziwa. Mapepala a zithunzi ndi olemera ndipo amaopa chinyontho, ndiye akafika kuno, kumene mvula ndi chiperoni sizisowa, asakhudze simenti.

Chimene chimapha geni ambiri ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anagulitsa katundu pa mtengo wakale analephera kubwerera ku Joni. Mtengo wanu muziuika poganizira ndalama imene mudzagulire botolo lotsatira, osati imene munagulira limene lili m'manja.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipwetekabe mtima. Zaka zanga zoyambirira ndinapikula dye yotchipa kwambiri pa sitolo ina, wogulitsa atandilumbirira kuti sisuluka. Mnyamata wina wa situdiyo anasindikizira banja lina chithunzi chachikulu cha agogo awo amene anali atangomwalira. Anachipachika pabalaza, moyang'anizana ndi zenera, popanda galasi. Chaka chisanathe nkhope ya agogo aja inali itafiira, maso osaonekanso bwino. Mayi wa m'nyumbamo sanakalipe, anangobwera nacho atachikulunga m'chitenje n'kufunsa ngati chingabwererenso. Mwayi wake foni imene inali ndi chithunzicho inali ikadalipo. Ndinalipira ndekha kuti chisindikizidwenso ndi pigment ku Blantyre. Kuyambira pamenepo inki iliyonse yachilendo ndimayamba ndaiyesa: ndimasindikiza chithunzi, theka n'kuliphimba ndi katoni, n'kuchiika pa zenera masabata angapo. China ndimachidonthezera madzi. Ikalephera sindiibweretsanso, ngakhale phindu lake likhale lokoma bwanji.

Kwa inu amene mukungoyamba, ndikuti gulani makina a dye a mitundu 6, inki yake yeniyeni ndi pepala labwino, chifukwa pepala ndi theka la chithunzi. Muzisindikiza kanthu kakang'ono masiku angapo alionse kuti hedi isaume, muziwaphimba ku fumbi, ndipo muwaikire UPS, batire losunga magetsi, kuti magetsi akazima mwadzidzidzi hedi ibwerere pamalo pake. Kasitomala muzimuuza zoona: chithunzi chilowe m'galasi, chisayang'ane dzuwa. Akabwera wofuna cha agogo, cha amfumu kapena cha luso logulitsa, musachite manyazi kukasindikizitsa kwa amene ali ndi pigment n'kuikapo kanu pamwamba. Maoda otero akadzafika pobwera sabata iliyonse, pamenepo tidzakambirane za P700.

Ulendo wanga wotsatira ndi wa kumapeto kwa mwezi. Mukabwera kumsika Loweruka mutenge zithunzi zanu ziwiri pa fulashi, chimodzi cha nkhope ya munthu, china cha malo. Ndili ndi zosindikizidwa kale za mitundu yonse iwiri, kuphatikizapo zimene zakhala pa zenera, ndipo mudzazigwire ndi manja anu musanandipatse oda.