Za diresi ya nyenyezi ija, msuweni

Eee, msuweni, ndauona uthenga wako. Ndimati ndilembe koma zala zauma ndi kuzizira, ndiye ingomvera. Wafunsa kuti madiresi odindidwa zithunzi za akatswiri ojambula akalekale, ngati ya buluu ya nyenyezi zozungulirazungulira imene waponya pagulupuyi, amapezeka kumsika wa Taifa ku Mzuzu kuno kapena mpaka kuitanitsa kunja. Funso ndi limenelo eti? Hmm. Iweyo, wa majinzi chaka chonse, lero ukufuna diresi, ndipo wafunsa kutangotsala masabata atatu kuti akuchimuna abwere kwa amayi aakulu ku Chiputula? Tisanamizane. Chimene ukufunsa n'chakuti ungaime nayo pamaso pa apongozi osachita manyazi. Ndiyankha chimenecho.

Chithunzi chili pa diresi yakoyo si chadzana. Anachijambula Vincent van Gogh wa ku Netherlands mu 1889, ali m'chipatala cha odwala maganizo ku Saint-Rémy, ku France. Amachitcha The Starry Night, ndipo chenichenicho chili ku Museum of Modern Art ku New York. Tsono tchera khutu. Chithunzicho n'chotambalala: masentimita pafupifupi 92 mopingasa, 74 choimirira. Diresi ndi yaitali choimirira. Ndiye odindawo amachita chimodzi mwa izi, kudula m'mbali, kuchikoka kuti chitalike, kapena kuchibwereza ngati pagalasi. Akachikoka, nyenyezi zimaoneka ngati mazira. Taiyang'ananso foto wa... eya, imene watumizayo. Mtengo wakuda uja wayambira pantchafu mpaka kukhwapa, ndipo mwezi wagwera ndendende pabere la kumanzere. Apongozi aamuna aziyang'ana kuti pokupatsa moni? Kudenga?

Dikira, ndisanafike kumeneko, za nsalu. Ambiri mwa madiresi amenewa ndi a polyester, ndipo kadindidwe kake amati sublimation. Amayamba adinda chithunzi papepala, n'kuligoneka pansalu yoyera, n'kupanikiza ndi makina otentha madigiri pafupifupi 200 kwa mphindi imodzi, mwinanso osakwana. Inki imasanduka nthunzi n'kulowa mu ulusi mwenimwenimo. N'chifukwa chake sisuluka pochapa, ndiponso sing'aluka ngati zomata za pamatisheti zija. Pathonje njira imeneyi sigwira, ndiye wina akakuuza kuti ndi kotoni weniweni koma utoto ukuwala choncho, kayika. Vuto lake n'lakuti utoto umakhala kunja kokha. Itembenuze, kuseri mbee! Si ngati chitenje chabwino chimene utoto umaoneka mbali zonse. Ndiye nsalu ikakhala yotamuka, ikakokeka pamahipi, ulusi umatseguka, zoyera za mkati zimasuzumira, thambo la buluu lija n'kukhala ngati lawazidwa ufa. Ukaigwira m'manja, ikoke mopingasa ndi manja awiri, kapena iyale pabondo. Ukaona timizere toyera, tenga saizi yokulirapo, apo ayi isiye.

Aaa, zandikumbutsa amalume. Ayi, osati a ku Luwinga, enawo sadziwa n'kulowetsa komwe ulusi m'singano. Ndikunena amalume a makina, malemu. Iwe unali usanabadwe, koma amayi ako akumva pagulu pano, anditsutse ngati ndikunama. Nthawi ya Kamuzu, amayi ovina, mbumba ija, ankavala nsalu yokhala ndi nkhope yake, ndipo telala aliyense wa pakhonde ankadziwa kuti nkhope imeneyo suidula, suiika chadodolido, ndipo munthu saikhalira. Tsono amalume analandira ntchito ya amayi khumi ndi awiri, aliyense bulauzi ndi siketi. Ntchito yaikulu, anayamba kale kuwerengera zogula njinga ija. Eya, njinga yomweija. Pofuna kufulumira anasanja nsalu zinayi pamodzi, n'kupinda pakati, n'kudula zonse kamodzi osayang'ana kuti nkhope zagwera pati. Asoka, asoka, madzulo azakhali abwera ndi nsima, atenga bulauzi imodzi kuti aone, n'kungoti kukamwa yasaa. Zipi ya kumbuyo yadutsa pakati penipeni pa mphuno. Ukatsegula zipi, diso lina uku, lina uko. Atenga siketi, nkhope ili pokhalira. Amalume akuti anangovula magalasi n'kunena kuti, "Mayi, tsekani chitseko." Palibenso china anayankhula. Anatenga zidutswa zonse n'kuzikulunga m'thumba la feteleza, n'kulibisa kudenga, ndipo zinakhala kumeneko mpaka pamene ankafolera nyumba kachiwiri. Nsalu ina inagulidwa ndi ndalama za mbuzi ya azakhali, imene mpaka lero akaikumbuka amasiya kudya. Anasoka masiku atatu usiku ndi nyale, mnyamata wawo uja, amene anadzathawira ku Karonga, akuwagwirira tepi uku akuwodzera. Kuyambira pamenepo amalume sankadulanso nsalu ya chithunzi ili yopinda. Ankaiyala yonse patebulo, kumodzi kokha, n'kuika mapatani pamwamba, n'kulemba ndi choko pamene pagwere chifuwa, pamene pagwere matako, kenako n'kupita kukamwa tiyi. Akabwerako n'kuyang'ananso, ndiye sizasi. Ndipo mayadi ankauza kasitomala kuti aonjezere imodzi, nthawi zina imodzi ndi theka, chifukwa kuzemba nkhope kumadya nsalu. Anthu ankati akuba nsalu. Sankaba, kupatula ulendo umodzi uja wa makatani a agogo, koma imeneyo tiisiye.

Ndimati chiyani? Eya. Diresi yogula yosokasoka, fakitale yadula kale mazanamazana, ndipo palibe amene anakhala pansi kuganizira thupi lako. Madati, timisoko ta pachifuwa tothinitsa diresi tija, amapinda chithunzi, msoko wa m'mbali umachidula, mbali ya kutsogolo ndi ya kumbuyo sizikumana. Chithunzi chikakhala cha munthu, pamenepo ndiye pamavuta. Pali chija cha Gustav Klimt, The Kiss, cha m'ma 1907 mpaka 1908, chili ku Vienna: mwamuna akupsompsona mkazi atagwada. Chenichenicho anaikamo golide weniweni, koma pa polyester golideyo amangotuluka wachikasu chothimbirira, ndipo iwe ukagwada kupereka madzi, anthu awiri akupsompsonana pamimba pako. Pali cha Botticelli cha ku Florence, mayi ataima pachigoba cha m'nyanja ali mbulanda. Chimenechonso usachiyerekeze n'komwe, amayi aakulu angakomoke. Ngakhale cha Vermeer, mtsikana wa ndolo uja wa m'ma 1665, wavala bwinobwino, koma nkhope yake ikagwera pachifuwa chako, tsaya limatupa ngati akudwala dzino.

Ndiye yankho ndi ili, msuweni. Vala, palibe choletsa, koma sankha chithunzi chopanda munthu, ndipo chikhale pamene palibe msoko kapena pokokeka. Van Gogh yemweyo ali ndi china, Almond Blossom, cha 1890, maluwa oyera panthambi, kumbuyo buluu wofewa. Anachijambulira mwana wa mng'ono wake atangobadwa. Iwe usathamangire zimenezo, tidye kaye chinkhoswe. Chimenecho ungachidule paliponse, nthambi imangooneka ngati ikupitirira. Claude Monet wa ku France anajambula maluwa a pamadzi a m'dimba mwake ku Giverny kambirimbiri, zithunzi pafupifupi 250, ndipo zonse n'zofatsa m'maso. Apongozi angoti mwana wavala zamaluwa, iwe mumtima ukudziwa kuti wavala chithunzi cha zaka zoposa 100.

Komanso si nzeru yanga ayi. Mu 1965 Yves Saint Laurent ku Paris anasoka madiresi otengera zithunzi za Mondrian, za mabokosi ofiira, achikasu ndi abuluu olekanitsidwa ndi mizere yakuda. Anasoka chidutswa chilichonse pachokha, misoko n'kuibisa m'mizere yakudayo. Amalume akanamumvetsa bwino mkulu ameneyo.

Ukaitanitsa kunja, usadalire zilembo za M kapena L, fakitale iliyonse ili ndi zake. Tenga tepi, yeza chifuwa, chiuno ndi mahipi m'masentimita, utavala zamkati zimene udzavale tsikulo, ndipo usapume mobisa mimba, ndikukudziwa. Pamahipi diresi ipose muyeso wako ndi masentimita 5 kapena 6. Sankha yothina pachiuno pokha, kumunsi yotayana, yopitirira mawondo, kuti ukagwada isakwere. Uwapemphe foto ya kumbuyo ndi ya m'mbali, chifukwa ena amadinda kutsogolo kokha. Ndipo masabata atatu ndi ochepa, katundu akachedwa panjira udzalira.

Ine ndikanakonda njira ina: peza chidutswa chodindidwa, chikhale siketi yokha, pamwamba telala aikepo nsalu ya mtundu umodzi wotengedwa m'chithunzimo. Ukafuna kudinditsa wekha, usawapatse foto yochokera pa WhatsApp, imakhala itafinyidwa, pansalu imatuluka mbuu. Pamafunika madontho osachepera 150 pa inchi, ndiye siketi ya mainchesi 40 ikufuna chithunzi cha madontho, amati mapikiselo, 6,000 mopingasa. Uwauze asiye masentimita 2 m'mbali monse a msoko, ndi 4 a mpendero. Ku Taifa ndiye upite ukagule layiningi, chifukwa polyester yopyapyala imaonetsa miyendo padzuwa ndiponso imamatirira thupi.

Pochapa, itembenuze, madzi ozizira, sopo pang'ono, osathira jiki. Yanika pamthunzi, imauma msanga ngakhale ndi mawawa a kuno. Koma simbi ya makala ya amayi ako ija isayandikire. Polyester imasungunuka, pamatsala chigamba chonyezimira, ndipo kutentha kukachuluka inki imadzukanso n'kudetsa nsalu ya pansi. Simbi yamagetsi, moto wochepa, kuseri, utayalapo kansalu koyera ka thonje.

Wamva eti? Chopanda nkhope ya munthu, ndipo chisagwere pamsoko kapena pokokeka. Ya nyenyeziyo ukaikondabe, gula, udzavale kokayenda kunyanja ku Nkhata Bay ndi bamboyo, dzina lake sinditchula, ena pano sanauzidwe. Koma ya ku Chiputula ikhale ya maluwa, yopanda munthu, chithunzi chili pasiketi. Chitenje utengebe m'chikwama. Nditumizire miyeso ija usikuuno, ndipo amayi ako anene ngati mbuzi ija inali imodzi kapena ziwiri.