Kashi, cheke, khadi kapena foni: ndizilipira ndi chiyani?

Mayi wina watilembera imelo: "Ndili ndi khadi la kubanki, buku la macheke komanso akaunti ya pafoni, koma ndimangolipira ndi chimene chili pafupi. Kodi pali kasankhidwe kake?"

Kalipo, mayi. Ambiri amayang'ana kufulumira ndi ndalama zimene amadulidwa, ndipo salakwitsa. Koma musanalipire muzidzifunsanso kuti: zinthu zikavuta, ndalamayi ibwerera? Aibweze ndani?

Kashi nkhani yake ndi yaifupi. Siifuna netiweki kapena magetsi, ndipo pogula tinthu timene mwationa ndi maso palibe choiposa. Ikatayika yapita, ndipo mukapanda kutenga lisiti mulibe umboni woti munalipira.

Khadi ndiye lili ndi chitetezo chimene anthu ambiri sachigwiritsa ntchito. Mukalipira ndi khadi la Visa kapena Mastercard koma katundu osabwera, kapena akudulani kawiri, banki yanu ikhoza kukaitenga ndalamayo kubanki ya wogulitsa. Yambani mwamulembera wogulitsayo, ndipo musunge zimene mwalemberana. Akakana kapena akangoti zii, pitani kubanki ndi lisiti, tsiku limene munalipira ndi kuchuluka kwa ndalama. Musazengereze, chifukwa pa madandaulo ambiri malire amakhala masiku 120. N'chifukwa chake pogula pa intaneti kwa munthu amene simumudziwa, khadi ndilo loyenera, ngakhale iyeyo akakamire kuti mumutumizire pafoni. Mwina akungothawa gawo limene banki imamudula pa malonda alionse a khadi, koma mwinanso akudziwa kuti ya pafoni siibwerera msanga.

Makhadi ali pawiri. La debiti limatapa mu akaunti yanu nthawi yomweyo, choncho pamene banki ikufufuza dandaulo, ndalama imene yatsekeredwa ndi yanu. La kirediti ndi ngongole ya banki. N'labwino kwa munthu amene amabweza yonse tsiku lisanakwane. Mukamangopereka kandalama kochepa kamene amalemba pa sitetimenti, yotsalayo imabereka chiwongoladzanja, ndipo mukatapa nalo kashi pa ATM chiwongoladzanjacho chimayamba tsiku lomwelo.

Makina a wogulitsa akanena kuti zakanika koma pafoni pabwera uthenga woti ndalama yachoka, musalowetsenso khadi. Tengani kapepala kosonyeza kuti zakanikako, lipirani mwa njira ina. Nthawi zambiri ndalamayo imabwerera yokha pakapita masiku angapo, ikapanda kutero kapepalako ndiye mboni yanu. Komanso khadi lisachoke pamaso panu. Manambala 16 a kutsogolo, tsiku lothera ntchito ndi manambala 3 a kumbuyo n'zokwanira kuti wina agulire zinthu pa masamba ena a intaneti popanda PIN.

Kutumiza ndalama pafoni kunafala kuchokera pamene M-Pesa inayamba ku Kenya mu 2007, ndipo polipira mabilu, lendi kapena potumizira achibale n'kothandiza kwambiri chifukwa kulikonse kumasiya nambala ya umboni. Vuto lake ndi loti wotumiza ndinu. Mukangolemba PIN, kampani ya foni imaona kuti mwavomera, ndipo mukalakwitsa nambala kubweza kumadalira ngati wolandirayo sanaitape kale. Choncho werengani dzina limene latuluka musanatsimikize. Ngati ndalama ndi yambiri ndipo munthuyo mukumutumizira koyamba, tsogozani kochepa, akuuzeni kuti kafika. Mukakhala wolandira, musakhulupirire uthenga kapena chithunzi chimene wogula akukuonetsani, onani nokha mu akaunti mwanu. Nambala zachinsinsi zobwera pa SMS musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera kubanki. Foni yanu ikangotaya netiweki pamene za anzanu zikugwira, thamangirani kukampani ya foni, mwina wina wasamutsira nambala yanu pa simu khadi ina.

Kumene cheke chikulandiridwabe, chatsala makamaka pa malipiro a mabungwe amene amafuna anthu awiri asayine. Ubwino wake ndi woti mukhoza kuuza banki ichiimitse chisanalipidwe. Polemba, musasiye mpata pakati pa mawu, ndipo dziwani kuti mawu akasiyana ndi manambala, malamulo a m'mayiko ambiri amatsata mawu, ngakhale banki imatha kungochibweza. Jambulani mizere iwiri yopingasa kuti chilowe mu akaunti mokha. Mabanki ambiri sachilandira chikapitirira miyezi 6.

Chenjerani kwambiri mukamalandira cheke. Ndalama imatha kuoneka mu akaunti cheke chisanatsimikizidwe. Akathyali amalemba chopitirira mtengo n'kukupemphani kuti muwabwezere yapamwambayo pafoni. Cheke chija chikabwezedwa, banki imachotsa yonse, ndipo imene munatumiza ija imakhala yachoka m'thumba mwanu. Katundu musapereke mpaka banki itakuuzani kuti cheke chadutsa.