Funsani za nyimbo: Kodi AC/DC ikadali bandi yomwe ija?

FUNSO: Akulu, bambo anga aang'ono atamwalira ndinapeza makaseti a AC/DC m'sutikesi mwawo. Ndamvera zimbale ziwiri, Highway to Hell ndi Back in Black, ndipo ndikumva ngati woimba si mmodzi. Mnzanga akuti bandiyi inatha kalekale, amene akuimba lerowa akungodyera dzina. Akutinso dzina lenilenilo ndi la satana. Chilungamo chake n'chiti? — Mnyamata wophunzira gitala

YANKHO: Mphwanga, pepa ndi zovuta zomwe zinakugwerani, ndipo makasetiwo uwasunge bwino. Makutu ako sanakunamize, oimbawo ndi awiri. Wa pa Highway to Hell, chimbale cha 1979, ndi Bon Scott. Wa pa Back in Black, cha 1980, ndi Brian Johnson. Pakati pa zimbale ziwirizo pali maliro.

Tithane kaye ndi za dzinazi. AC ndi DC ndi zilembo za amagetsi: AC ndi magetsi osinthasintha kolowera ngati a pa soketi, DC ndi oyenda mbali imodzi ngati a m'batire. Anyamata awiri apachibale, Malcolm ndi Angus Young, anabadwira ku Glasgow ku Scotland, banja lawo n'kusamukira ku Australia mu 1963. Atayambitsa bandi ku Sydney mu 1973, mlongo wawo Margaret ndiye anaona zilembozo pamakina a magetsi a m'nyumba, iwo n'kuzitola. Margaret yemweyo ndiye anapatsa Angus nzeru yovala yunifolomu ya kusukulu pansanja, kabudula, jekete, tayi ndi kapu, zomwe akuvalabe mpaka lero tsitsi litayera mbuu. Sindikubisira, pachikuto cha Highway to Hell Angus wavala tinyanga, ndipo nyimbo zawo zambiri n'za mowa, akazi ndi phokoso, zosayenera kuikira ana. Koma msewu wa ku gehena womwe ankanenawo unali moyo wogona m'basi chaka chathunthu, lero mzinda uno mawa wina.

Bon Scott analowa mu 1974 m'malo mwa woimba woyamba, Dave Evans. Nayenso anali wobadwira ku Scotland wokulira ku Australia, wamkulu kuposa anzakewo, ndipo ankaimba ngati munthu amene akukunong'oneza nkhani yolaula uku akudziletsa kuseka. Zimbale zoyambirira ankawajambula George Young, mkulu wa Malcolm ndi Angus, ndi mnzake Harry Vanda. Mu 1976 anasamukira ku London. Highway to Hell anawajambula Mutt Lange, yemwe anabadwira ku Mufulira ku Zambia, ndipo chimbalechi ndicho chinawatsegulira khomo la America. Zinthu zitangoyamba kukoma choncho, pa 19 February 1980 Bon anapezeka atafa m'galimoto ku London, atagonamo usiku ataledzera kwambiri. Anali ndi zaka 33 zokha. Ine ndikamva mawu ake pachimbale chimenechi mtima umandiwawabe, chifukwa munthuyu analima koma sanadye nawo zokolola.

Bandi zambiri zikanathera pomwepo. Makolo a Bon ndiwo anawalimbikitsa anyamatawo kuti asasiye. Anatenga Brian Johnson wa bandi ya Geordie ya ku Newcastle, n'kupita ku Nassau ku Bahamas kukajambula. Pa 25 July chaka chomwecho Back in Black inatuluka, chikuto chakuda bii ngati chovala cha namfedwa, ndipo chinthu choyamba kumveka ukaika kasetiyo ndi belu lolira pang'onopang'ono. Chimbalechi chagulidwa makope pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse.

Tsono funso lako lenileni, loti inatha kapena ayi, yankho lake lili pa munthu amene mnzakoyo mwina sakumudziwa n'komwe. Anthu amayang'ana Angus chifukwa ndiye amathamanga nsanja yonse ndi gitala yake ya Gibson SG, thukuta kamukamu. Koma mwini bandi anali Malcolm. Ankaima kumbuyo pafupi ndi ng'oma, phazi likugunda pansi, ndi gitala yake yakale ya Gretsch yomwe anaizula timaginito tina tokoka mawu n'kusiya mabowo. Ikafika nthawi yoyankhira ankabwera pamaikolofoni, kuyankhira, n'kubwerera pamalo pake. Basi.

Ine ndaimba gitala ya rizimu zaka zambiri, ndipo tsiku loyamba kuyesa nyimbo yotchedwa Back in Black ndinkati ndi phala lenileni, makodi atatu okha. Ndinachita manyazi. Makodiwo dzanja lamanzere limawagwira mosavuta, vuto lili kudzanja lamanja. Umamenya, kenako uyenera kuziziritsa nsambo zonse ndi chikhatho kuti pakhale zii, ndipo ziiyo ikhale yotalika ndendende, isapitirire, isaperewere. Ine chikhatho chinkachedwa, nsambo imodzi n'kumalirabe, nyimbo yonse n'kusanduka matope. Mphamvu ya AC/DC ili m'mipata imeneyo, ndipo woyang'anira mipatayo anali Malcolm pamodzi ndi Phil Rudd pang'oma ndi Cliff Williams pabesi, yemwe analowa mu 1977 ndipo ankatha kugunda noti imodzi mphindi yathunthu osanyinyirika.

Za m'ma 1980 ndidutsapo msanga. For Those About to Rock ya 1981 inafika pa nambala 1 ku America, kenako zinthu zinazilala, Rudd anachoka mu 1983, ndipo mu 1988 Malcolm anapumira kaye kuti athane ndi mowa, mwana wa mkulu wake Stevie Young n'kumugwirizira. Anadzukanso ndi The Razors Edge mu 1990. Rudd anabwerera mu 1994, mu 2003 bandiyi inalowa mu Rock and Roll Hall of Fame, mndandanda wa akatswiri olemekezedwa a nyimbo zamtunduwu, ndipo mu 2008 inatulutsa Black Ice.

Zowawa zinadza motsatizana kuyambira 2014. Malcolm anagwidwa ndi matenda oiwalaiwala, munthu amene anapeka nyimbo zonsezo n'kuyamba kuziphunziranso ngati zachilendo. Anasiya, Stevie n'kulowa kotheratu. Rudd naye anachokanso. Mu 2016 madokotala anauza Brian kuti akapitiriza agontha, ndipo Axl Rose wa Guns N' Roses anamaliza ulendo wa zoimbaimba wa chaka chimenecho m'malo mwake. Cliff anapuma chaka chomwecho. George anamwalira mu October 2017, Malcolm n'kumutsatira pa 18 November ali ndi zaka 64. Pamenepo nanenso ndinanena ngati mnzakoyo, kuti yatha.

Ndinalakwitsa. Mu November 2020 kunatuluka Power Up, Brian, Cliff ndi Rudd onse atabwerera, ndipo nyimbo zonse zalembedwa kuti opeka ndi Angus ndi Malcolm, chifukwa Angus anakafukula zomwe awiriwa anasunga kalekale. Paulendo wa ku Ulaya mu 2024 pang'oma panali Matt Laug, pabesi Chris Chaney, ndipo mwa oyambitsa anatsala Angus yekha. Mnzakoyo ali ndi mfundo pamenepo, sindimukanira. Koma kudyera dzina ndi pamene anthu achilendo agula chikwangwani n'kumaimba zawozawo. Apa wogwira rizimu ndi Stevie, wa magazi omwewo, ndipo woimba wakhalapo kuyambira 1980. Kwa ine ndi yomwe ija, kungoti yafedwa kambiri.

Popeza ukuphunzira gitala, chita ichi: vala mahedifoni, ika Back in Black, uchotse la kudzanja lamanja n'kutsala ndi la kumanzere. Gitala youma gwaa yomwe umve kumeneko ndi ya Malcolm. Uyambe ndi imeneyo, za Angus zidikire kaye.