Kubweza mkaka kumatha, koma kutsamwako musakuchedwere

Achemwali, mwati mwana wanu wa masabata atatu amabweza mkaka akangoyamwa, amapindika msana uku akulira, ndipo nthawi zina amatsamwa ali pabere. Mwafunsa ngati mumupatse gripe water kapena phala lamadzimadzi monga akunenera apongozi. Chonde musatero. Mpaka miyezi 6 ndi bere lokha basi, ndipo khanda lomwe likutsamwa ndi mkaka, phala ndiye lingalipweteke zedi.

Kubwezako pakokha sikundiopsa. Pamene mmero walumikizana ndi chifu pali kamnofu kamene kamatseka njira kuti chakudya chisabwerere. Kwa khanda kamakhala kasanakhwime, ndiye mkaka umakwera pamodzi ndi asidi wa m'mimba n'kumuwotcha. Ndi chilungulira chomwe chija chimatisautsa tili oyembekezera. Zimafika pachimake ali ndi miyezi 4, ndipo ana ambiri amasiya okha akamakwanitsa chaka. Muzimuyamwitsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, mumugeyetse, kenaka mumunyamule chilili paphewa mphindi 20 kapena 30. Pogona azigona chagada, popanda pilo, ngakhale akubweza.

Chandikhudza ine ndi kutsamwako. Wanga anabadwa masiku asanakwane, ndipo anamwino anandifotokozera kuti kuyamwa, kumeza ndi kupuma nthawi imodzi mwana amayamba kukwanitsa mimba ikafika cha m'masabata 34. Ana amene anavutika pobadwa n'kuchedwa kulira, kapena ong'ambika m'kamwa, nawonso kumeza kumawavuta. Mwana wotere mkaka umatha kulowera njira ya mpweya n'kutsikira m'mapapo. Zotsatira zake ndi chibayo. Ine ndinataya masiku ndikuti ndi chimfine chabe, poti kuno ku Mzuzu kuzizira timakunamizira chilichonse. Mpaka lero zimandipweteka.

Ndiye akamayamwa mumuyang'anitsitse. Kodi amatsokomola pafupifupi nthawi iliyonse? Mkaka umatulukira m'mphuno? Akamaliza amapuma mokhala ngati pakhosi pali madzi? Amatha mphindi zoposa 30 akulimbana ndi bere mpaka thukuta? Mawa lomwe mutenge buku lake mupite ku chipatala cha Mapale, akamuyeze sikelo, ndipo muwapemphe amuone akuyamwa. Mukatha, mujambuleni pafoni akamatsamwa, chifukwa ana akafika kwa dokotala amakhala phee.

Koma milomo ikasintha mtundu n'kuda, akamabanika kapena kupuma mothamanga nthiti zikulowa mkati, akatentha thupi, akasanza zobiriwira kapena zamagazi, kapena masanzi akamachita kuthovoka patali akangoyamwa, musadikire kuche. Pitani ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central usiku womwewo. Chimodzimodzinso liwombo likalowa ndipo matewera akuuma. Kumeneko ndi kutha madzi m'thupi, osati nkhani yopaka mankhwala pamutu.

Akakuuzani kuti muzifinya mkaka n'kumamumwetsa ndi kakapu, kapena kuti amuike kachubu m'mphuno, musakane. Wanga anakhala nako masabata awiri, mkaka wake unali wanga womwe, kenaka anabwerera kubere.