Jellyfish yogona chagada pamatope: ikuvutikiranji ngati siyenda?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi a sayansi a ku Ulongwe. Akuti mwana wina wa m'kalasi mwawo anabwera ndi vidiyo pafoni yoonetsa jellyfish, nyama yofewa ya m'nyanja ija anzathu a ku Beira amati alforreca, itagona chagada pamatope, mikono ili m'mwamba, koma thupi likungofinyika ndi kutambasuka osalekeza. Mwanayo anafunsa kuti, ngati sikupita kulikonse, ikuvutikiranji? Kapena ikufa?

Aphunzitsi, mwanayo mumuyamikire chifukwa ali ndi diso. Nyamayo sikufa ayi, ili pantchito.

Dzina lake ndi Cassiopea. Imakonda madzi osaya, ofunda komanso odekha, makamaka m'matope a nkhalango za mangal (mitengo yomera m'madzi amchere m'mphepete mwa nyanja) ndi m'udzu wa pansi pa nyanja, monga ku Caribbean, ku Florida, ku Nyanja Yofiira ndi m'nyanja ya India. Mu Zambezi kapena ku Cahora Bassa musaifunefune, ndi ya m'madzi amchere. Kugona chagadako kuli ndi chifukwa chake. M'thupi mwake, makamaka m'mikono, mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zimene zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito dzuwa, n'kumagawirako mwini nyumba. Ndiye nyamayo imatembenuka kuti nderezo ziwombedwe ndi dzuwa.

Tsono vuto n'lakuti madzi a m'malo oterewa sayenda kwenikweni. Mizu ya mitengo imatchinga mafunde, ndipo mpweya umene nyama zimapuma m'madzi umachepa msanga, makamaka usiku. Wokhala malo amodzi m'madzi osayenda chakudya sichimupeza. Apa ndi pamene kufinyika kuja kumagwira ntchito.

Anawo akumbutseni za mvukuto wa osula makasu: ukautambasula umakoka mpweya, ukaufinya umautulutsa. Thupi lozungulira la jellyfish, lomwe asayansi amalitcha belu, limachitanso chimodzimodzi ndi madzi. Likamatambasuka, madzi amayenderera pansi penipeni kuchokera mbali zonse kulowera kumphepete kwa beluyo. Likafinyika, madziwo amazungulira pamphepetepo n'kukankhidwira m'mwamba kudutsa pakati pa mikono. Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi mikonoyo. Ili ndi tinthambi tambirimbiri tothithikana, choncho madzi amene amabwera modukizadukiza amati akalowa m'menemo n'kufatsa, n'kumatuluka pamwamba mosadukiza. Kufatsako kumapereka mpata woti tizilombo tating'ono ta m'madzi tikodwe, ndipo nyamayi ilibe kamwa limodzi lalikulu, ili ndi timakamwa tambiri pamikonopo. Taonaninso apa: madzi atsopano amalowera m'mbali, ogwiritsidwa kale ntchito amaponyedwa kumwamba, kotero sikhalira kusefa madzi omwewomwewo.

Palinso china chimene vidiyo singaonetse. Poti belu lagona pamatope, kufinyika kwake kumatsopa madzi obisala m'kati mwa matopemo. Madzi amenewo ali ndi chonde chochokera ku masamba ndi zinthu zina zowola, ndipo chondecho n'chimene ndere zija zimafuna. Nyamayi imathirira yokha munda umene ili nawo m'thupi.

Kodi madzi ake ndi ochuluka bwanji? Mu 2021 ofufuza a ku University of South Florida anafalitsa zimene anayeza pa nyamazi ku Florida. Anapeza kuti imodzi yamsinkhu wapakati imakankha malita oposa 200 pa ola, ndipo pamene zachulukana zimatha kusakaniza madzi onse a pamwamba pawo m'mphindi 15 zokha. Ine apa ndimaona kuti timalakwa tikamaphunzitsa ana kuti madzi a m'nyanja amayendetsedwa ndi mphepo ndi mafunde basi. M'timadoko tabata, tamoyo tofewa ngati iti timagwira gawo lalikulu la ntchitoyo, ndipo nsomba zing'onozing'ono zokulira m'mizu ya mangal zimapuma madzi omwewo.

Mwana wochenjera afunsanso kuti, nanga imapumula liti? Mu 2017 ofufuza a ku Caltech, yunivesite ya ku America, anaonetsa kuti Cassiopea imagona tulo ngakhale ilibe ubongo. Masana imafinyika pafupifupi ka 58 pa mphindi, usiku imatsika kufika pa 39, ndipo ikasokonezedwa usiku imakhala yofooka tsiku lotsatira. Kufinyikako sikulekeka, kumangochepa.

Chenjezo kwa amene adzapite kunyanja: musaone kufatsa kwake. Imatulutsa mamina okhala ndi timibulu toluma, ndipo kafukufuku wa mu 2020 anatsimikiza kuti timibuluti n'timene timachititsa kuti munthu ayabwidwe ngakhale sanaikhudze. Poyenda m'madzi momwe zagona musazipondeponde kapena kuvundula matope.

Za m'kalasi, aphunzitsi, ine ndikanachita chonchi: vidiyoyo ionetsedwenso pang'onopang'ono, ana asayang'ane nyamayo koma tizinyalala toyandama pambali pake. Aliyense asankhe kamodzi, akatsatire ndi diso, kenako ajambule m'kope mivi yoonetsa kumene kachokera ndi kumene kapita. Gulu lina liwerenge kuti belu lafinyika kangati pa mphindi imodzi, ayerekeze ndi 58 ndi 39 zija. Mudzandilembere zimene apeze.