Yankho la malume pa nkhani ya ku Joni

Eya, mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Azakhali, alamu, ndaona kuti mwalowa. Kulemba kundichedwetsa, ndingolankhula. Phokoso mukumvalo ndi chigayo cha pano pa Kamwendo, magetsi angoyaka kumene.

Mphwanga, iwe wafunsa kuti ukufuna kukwera basi ya ku Joni mwezi wamawa, koma ukumva zoti dzikolo layambana ndi America, ati azungu akuthawako, ati alendo akubwezedwa pakhomo la chipatala. Ukuti zoona zake ndi ziti, upite kapena ayi. Khala pansi, undimvetsere bwino.

South Africa si njovu ngati America kapena China, komanso si gwape ngati ife. Ili pakatikati. Kuno ku SADC ndiye mkulu wa m'banja, koma ikafika pabwalo la eni chuma imakhala pamphasa. Ndiye paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Inalowa m'gulu la BRICS limodzi ndi Russia ndi China, pomwe magalimoto ndi zipatso zake zambiri imagulitsa kwa azungu. Mu 2023 msonkhano wa BRICS unali ku Johannesburg, Putin sanabwere, chifukwa akanangotera malamulo akanakakamiza boma kuti limugwire, poti khoti la ICC, loweruza milandu ikuluikulu ya padziko lonse, linali litatulutsa kale chikalata chomumangira. Waona kupanikizikako? Mu December chaka chomwecho a South Africa anakasumira Israel ku khoti la maiko la ku The Hague pa za anthu a ku Gaza. Ine pamenepo ndinawaombera m'manja, sindibisa, chifukwa anthu amene analawapo tsankho ngoyenera kulankhulira anzawo. Koma America inasunga mkwiyo.

Tsono za azungu. Iwo ndi ochepa, anthu 7 pa 100 alionse, koma kafukufuku wa boma wa 2017 anapeza kuti pa minda imene ili m'manja mwa anthu paokha, 72 pa 100 ndi yawo. Gwero lake ndi lamulo la 1913 limene linathinitsa anthu akuda pa kachigawo kakang'ono ka dziko lawo lomwe. Mu January 2025 pulezidenti wawo Ramaphosa anasaina lamulo lolola boma kutenga malo, nthawi zina popanda chipukuta misozi. Mwezi wotsatira Trump anadula thandizo, anapirikitsa kazembe wa South Africa Ebrahim Rasool mu March, ndipo mu May anatumiza ndege kukatenga Mabunu 59 ngati othawa kwawo. Ramaphosa atapita ku White House anamuzimitsira magetsi n'kumuonetsa kanema, ati azungu akupululidwa. Alimi achizungu amaphedwa ndi zigawenga, inde, ndipo imfa ndi imfa, sitingaseke. Koma umbanda kumeneko ukupha anthu a mitundu yonse, ndipo ochuluka amene akufa ndi akuda a m'makomboni. Zoti mtundu wa azungu ukuthetsedwa, ine sindivomereza.

Chimene chimandiwawa ine ndi china. Ochepa enieni amene alibe wowalankhulira kumeneko ndi ana athu. Amene akugona anthu asanu m'kachipinda ka malata ku Diepsloot, osamalira maluwa pakhomo pa bwana, osoka zovala m'mafakitale a ku Durban. Mu 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa alendo. Mu 2015 zinayambiranso ku Durban, mpaka boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu. Mukukumbukira, azakhali, mnyamata wa kuseri kwa tchalitchi uja? Anatsika pa depoti ndi jumbo imodzi yokha, mkati muli buluku ndi tchaja ya foni, atagwira ntchito zaka zinayi. Mayi ake anangoti bola moyo, n'kukamuphikira phala. Palibe ndege ya ku America inabwera kudzatenga iyeyo. Lero kuli gulu la Operation Dudula limene limaima pa zipata za zipatala n'kumafunsa ziphaso. Khoti la ku Johannesburg linawaletsa mu November 2025, poti malamulo a dzikolo amati chithandizo cha chipatala ndi cha munthu aliyense. Koma chigamulo chili papepala, iwe uli pamzere ndi malungo.

Ndiye ndimati, dziko limene likupita ku The Hague kukalirira a ku Gaza liyambe laona Mmalawi, Mzimbabwe ndi Mmozambiki amene ali pakhonde pake. Likapanda kutero, mawu ake ku SADC amapepuka. Chikhalirecho tinafera limodzi. Ku Congo, gulu la zigawenga la M23 litalowa mu mzinda wa Goma mu January 2025, asilikali 14 a South Africa anafa, athu atatu anafanso pa nkhondo yomweyo. Mu March SADC inathetsa ntchito imene inawatumira kumeneko, asilikali n'kubwerera. Magazi anasakanikirana ku Congo, koma pamzere wa chipatala akuti ndiwe kwerekwere, dzina lonyozera alendo.

Koma tisaloze chala ngati ifeyo ndife oyera. Kamuzu, mwana wa ku Kasungu, anamanga ubale ndi boma la tsankho mu 1967 pomwe anzake onse ankalisala, anakachezako mu 1971, ndipo ndalama zomangira likulu la Lilongwe zina zinachokera komweko. Agogo ako anapita ku Wenela, malata a nyumba yakale ija anachokera m'migodi. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu athu oposa 70, m'pamene Kamuzu anaimitsa ulendowo. Akuluakulu a kumeneko mbiri imeneyi sanaiwale.

Ndipo ine ndi maso angawa, mu 1972 ndili mnyamata, ndinaona a Mboni za Yehova akudutsa kumunda kwathu m'bandakucha kulowera ku Zambia, ku Sinda Misale. Mlandu wawo unali kukana kugula khadi la chipani. Mayi wina anali ndi mphika pamutu, mwana kumsana, wina akumukoka padzanja, mapazi atatupa. Agogo ako aakazi anawapatsira chinangwa kuseri kwa nkhokwe, akunjenjemera kuti wina angawaone. Posachedwapa, mu 2023, Maburundi ndi Anyarwanda anasonkhanitsidwa m'matauni kubwezedwa ku Dzaleka, msasa umene unamangidwira anthu pafupifupi 12,000 koma muli oposa 50,000. Amene ankatikongoza sopo ndi mchere pa golosale paja anapita choncho, shopu yake n'kutsekedwa. Ambiri a ife tinakhala chete, ena mpaka anasangalala. Ine zinandichititsa manyazi, mpaka lero. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndiye lero ndi mwana wathu amene akupita kukakhala mlendo.

Tsono kupita, sindikuletsa. Fodya chaka chino sanatipatse kanthu, feteleza ndi uyo mtengo wake, ndikudziwa chimene chikukuthamangitsa. Koma upite ndi pasipoti yako yeniyeni, udinditse pa Beitbridge, usamvere madobadoba okuuza zodutsa mumtsinje wa Limpopo. Amakupatsa masiku osapitirira 30. Akatha uli komweko wopanda chilolezo, wasanduka nyama ya apolisi, mapeto ake ndi ku Lindela, kumene amatsekera alendo opanda ziphaso, kudikira kubwezedwa. Nambala ya ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria uilembe papepala, osangodalira foni, foni imabedwa. Ukafika ufufuze kumene Amalawi amapemphera ndi gulu lawo lothandizana pa maliro, ulowemo msanga.

Ndipo usananyamuke ubwere kuno Loweruka, amayi ako akhalepo, tikambirane za munda wa kudambo uja kuti alime ndani. Alamu, ngati muli ndi nambala ya mwana wanu wa ku Randburg, muponyereni mnyamatayu kumbali. Batire latsala pang'ono, ndiimire pomwepa.